Mwana wamkazi akamadzikanda kumaliseche, yambani mwafunsa musanamenye

 Ine ndine activista wa zaumoyo, ndimayenda m'midzi ya kuno ku Angónia. Ndiyambe ndi kupepesa. Kwa ambiri a inu ndine mwana, ndipo mawu ena a lero sayenera kutuluka pakamwa pa mwana akulu ali pomwepo. Mundikhululukire, sikulaula ayi. Ndikapanda kutchula, mwana amene akuvutika kunyumba kwanuyo apitiriza kuvutika.

Nkhani yathu ndi ya kuyabwa, kufiira, kutentha ndi kutuluka chikazi kumaliseche kwa mwana wamkazi, kuyambira wakhanda mpaka namwali. A chipatala amalemba pa pepala kuti vulvovaginite. Dzinali lisakuopseni. Likungotanthauza kuti khungu la kumaliseche, kunja ndi polowera, lapsa kapena latupa. Silinena chimene chayambitsa. Zoyambitsa ndi zambiri, ndipo ndi pamenepa pamene ife timalakwitsa.

Chaka chatha ndinalowa pakhomo pena ndi kupeza mwana wa zaka 6 akulira kuseri kwa nkhokwe. Mayi ake anali atamukwapula chifukwa dzanja silinkachoka m'kabudula, ngakhale pamaso pa alendo. Agogo ake anati ndi mauka, mawa apite naye kwa mayi wodziwa kudula. Ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi amadzikanda kwambiri nthawi yanji? Mayiwo anati usiku, mpaka sagona. Tinapita naye ku Centro de Saúde. Zinali njoka za m'mimba. Anamwa mankhwala, kuyabwa kunatha. Lezala ija ikanadula mwana amene vuto lake linali m'matumbo.

Choyamba timvetse chifukwa chake ana aang'ono amavutika kawirikawiri ndi zimenezi. Thupi la mayi wamkulu lili ndi chitetezo chake. Khungu la kumaliseche ndi lokhuthala, pali tsitsi, pali mafuta ophimba, ndipo m'kati muli tizilombo tabwino timene timachititsa kuti malowo akhale owawasa pang'ono, kotero tizilombo toipa timalephera kuswana. Zonsezi zimabwera ndi mahomoni mtsikana akamatha msinkhu. Mwana wa zaka 3 kapena 7 alibe. Khungu lake ndi lopyapyala ngati la m'kati mwa mlomo, malowo ndi osaphimbika, ndipo mtunda wochoka kotulukira chimbudzi kufika kumaliseche ndi waufupi kwambiri. Kanthu kakang'ono kamene mayi sangakamve n'komwe, mwana kamamuwotcha.

Ndiye kwa ana ambiri, a chipatala akayeza sapeza kachilombo kapadera. Chimene amapeza ndi khungu lopsa chifukwa cha zinthu za tsiku ndi tsiku. Ganizani mmene mwana wanu amadzipukutira akachoka kuchimbudzi. Kaya ndi pepala, kaya ndi masamba, kaya ndi chitsononkho, ana ambiri amakoka kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, chifukwa ndi kumene dzanja limafika mosavuta. Akatero akutenga tizilombo ta m'chimbudzi n'kutipereka kumaliseche. Ganizani za mwana wosewera pansi wopanda kabudula, wokhala pa fumbi pamene nkhuku ndi nkhumba zadutsa. Ganizaninso za amene amavala kabudula mmodzi wa nayiloni wothina masiku atatu, kapena wouma m'nyumba osaona dzuwa. Wina amakodza mothamanga, miyendo ili yophatikiza, kabudula ali m'maondo, mkodzo n'kubwerera m'kati, kenaka n'kumadontha pang'onopang'ono.

Koma musaganize kuti ndi matenda a uve okha. Ena mumawayambitsa ndi ukhondo wopitirira. Mayi akaona mwana akudzikanda, amatenga sopo wochapira, nthawi zina waufa, n'kumukwecha mwamphamvu. Khungu lija limapsa kuposa kale, mwana amakanda kwambiri, mayi amawonjezera sopo. Sopo wonunkhira, mafuta onunkhira ndi ufa wothira m'thupi zimachita chimodzimodzi. Kabudula wosatsukuluza bwino, wotsalira sopo, nayenso amawotcha. Kumaliseche kwa mwana kumafuna madzi oyera okha, kunja kokha, ndi kupukuta mosakhula.

Tibwerere ku njoka zija. Si zazikulu zimene mumaziona mwana akachita chimbudzi ayi. Izi ndi tating'ono, toyera, ngati kaulusi kodula, kutalika kwake pafupifupi sentimita imodzi. Timakhala m'matumbo. Usiku mwana akagona, tatikazi timatuluka kukaikira mazira pakhungu lozungulira kotulukira chimbudzi, ndipo tina timasochera kulowera kutsogolo. N'chifukwa chake kuyabwa kumakula usiku. Mwana akakanda, mazira amalowa m'zikhadabo, m'mawa wagwira nsima, wawameza, zayambiranso. Amagawiranso abale ake ogona naye mphasa imodzi. Inu nokha mukhoza kufufuza. Mwana akagona maola awiri kapena atatu, muunikeni ndi tochi ya foni kumbuyoko. Nthawi zina mudzationa tikuyenda. Mukationa kanenereni kuchipatala, ndipo munene kuti m'nyumba mumagona anthu angati, chifukwa kawirikawiri amafuna kuti onse amwe mankhwala, ndi kubwereza pakatha masabata awiri.

China chimene chinandidabwitsa ine pa maphunziro athu ndi ichi: chimfine ndi zilonda za pakhosi zimatha kufika kumaliseche. Njira yake ndi zala. Mwana wapukuta mamina ndi dzanja, kenaka wagwira kumusi. Kachilombo kamene kamatupitsa pakhosi kakafika kumeneko, malowo amafiira kwambiri, amapweteka, mwana amaopa kukodza, ndipo nthawi zina pamatuluka chikazi chachikasu. Kamwazi nayenso amatero, ndipo chikazi chake chimatha kukhala ndi magazi. Enfermeira akakufunsani ngati mwana anadwala pakhosi kapena anatsekula m'mimba masabata apitawa, sakusochera, akutsata njira imeneyi.

Pali fungo lina limene mayi sangaliiwale. Chikazi chonunkha ngati chinthu chowola, chabulauni kapena chosakanikira magazi, chimene chimati chikaleka ndi mankhwala n'kubweranso. Zikatero a chipatala amaganiza kuti m'kati muli kanthu. Ana amaika nyemba m'mphuno, amaika mkanda m'khutu, ndipo amaikanso kumeneko, mosadziwa kuti n'kulakwa. Kawirikawiri kamakhala kapepala kopukutira kamene kanatsalira n'kukulungika. Musayese kukachotsa ndi chala kapena kamtengo. Mudzakakankhira kutali ndi kumuvulaza mwana. Mufunseni modekha, chifukwa mukakalipa adzakana.

Tsopano likodzo. Apa ndichedwepo, chifukwa atsikana ambiri amanamiziridwa pa nkhani imeneyi. Tonse tikudziwa kuti mnyamata wokodza magazi ali ndi likodzo. Limachokera m'madzi odekha mmene muli nkhono: m'madambo, m'zitsime za kudimba, m'mphepete mwa mtsinje pamene timachapa ndi kusamba. Tizilombo timatuluka m'nkhono n'kuboola khungu la munthu, sitidikira kuti amwe madziwo. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mwa mtsikana mazira a likodzo samathera m'chikhodzodzo mokha. Amakhazikikanso kumaliseche ndi pakhomo la chiberekero, n'kuyambitsa kuyabwa, chikazi, timagazi, tizilonda, ngakhale tinthu tomera ngati njerewere. Munthu woona ndi maso amati awa ndi matenda opatsirana pogonana.

Ndinakumana ndi mtsikana wa zaka 13 amene bambo ake anamuletsa sukulu, akuti wayamba amuna. Analumbira mpaka misozi, palibe anamukhulupirira. Mkodzo wake utayezedwa munapezeka mazira a likodzo. Mtsikanayu tsiku lililonse ankathirira matimati kudimba, miyendo ili m'madzi. Choncho mukapita kuchipatala nenani nokha kuti mwanayu amasamba kumtsinje kapena amathirira kudimba, ngakhale asanakufunseni. Mkodzo woyeza likodzo umakhala bwino ukatengedwa masana, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu ndipo ena mumauza ana kuti awathawe. Likodzo la kumaliseche likakhalitsa limasiya zipsera, limatha kuvutitsa kubereka, ndipo zilonda zake zimatsegulira khomo HIV mtsikana akadzakula.

Nanga mauka? Kwathu kuno dzina limeneli timaika pa kuyabwa kulikonse ndi chikazi chilichonse. Mwamva kale kuti pansi pa dzina limodzili pakhoza kukhala njoka, sopo, likodzo kapena kapepala. Palibe chimodzi mwa izi chimene lezala imachotsa. Tinthu timene amadula tija kawirikawiri ndi thupi lake lenileni la mwanayo, mmene analengedwera. Kudula kumabweretsa kutaya magazi, mafinya, kafumbata, ndipo lezala ikayenda pa anthu awiri imanyamula HIV. Agogo anga, ndikudziwa mumachita pofuna kuthandiza, ndipo inunso munachitidwa zomwezo. Koma mdzukuluyu tiyambe tamuyezetsa.

Pali zina zimene si matenda n'komwe. Mwana wamkazi wongobadwa kumene amatha kutuluka chikazi choyera, nthawi zina ndi kadontho ka magazi, m'masabata awiri oyamba. Ndi mahomoni a mayi ake amene akutha m'thupi mwake, zimaleka zokha. Mtsikana amene mawere ayamba kumera amayambanso kuona chikazi choyera kapena chonga madzi pa kabudula, miyezi 6 mpaka chaka asanayambe kusamba. Sichinunkha, sichiyabwa, sichipweteka. Chikauma chimaoneka chachikasu pang'ono. Limeneli ndi thupi likukonzeka. Mayi mukachiona pochapa, khalani naye pansi mumuuze, chifukwa iye mwini ali ndi mantha ndipo sakudziwa wofunsa.

Akatha msinkhu zinthu zimasintha. Chitetezo chija chabwera, ndipo mavuto ake amayamba kufanana ndi a amayi. Pali chikazi choyera, cholimba, chamibulu ngati mkaka wogona, choyabwa koopsa. Chimenechi chimayamba ndi kafangasi kotchedwa kandida, kamene kamakhala kale m'thupi ndipo kamachuluka munthu akamwa maantibayotiki, akakhala ndi pakati kapena akakhala ndi shuga. Namwali amene sanagonepo ndi mwamuna akhoza kudwala. Kwa mwana wamng'ono amene anasiya matewera sikachitikachitika, choncho musamugulire mankhwala opaka amene munapatsidwa inu. Kandida akamabwerezabwereza, a chipatala amafuna kuyeza shuga ndi HIV. Pali chikazi china chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, chosayabwa kwenikweni. Chimabwera tizilombo tabwino tija tikachepa. Chimodzi mwa zimene zimatichepetsa ndi kutsuka m'kati ndi chala, sopo, mandimu, mchere, kapena kuika zitsamba zoumitsa. Anamkungwi, pano ndikupempha inu: m'kati mumadziyeretsa mokha. Mankhwala opaka pokoka nawonso ena amawotcha khungu, ndipo mtsikana akapsa amabisa chifukwa anauzidwa kuti za kumeneko sanena. Nsanza za kumwezi zoyanika pansi pa mphasa kuopa maso a anthu siziuma, ndipo zimapsetsa khungu. Zichapidwe ndi kuuma padzuwa, ngakhale mutaziphimba ndi kansalu kopyapyala.

Kenaka pali matenda opatsirana pogonana. Trikomonasi amatulutsa chikazi chathovu, chachikasu kapena chobiriwira, chonunkha. Chinzonono ndi klamidiya nthawi zina amatulutsa mafinya, koma atsikana ambiri amakhala nawo osaona chilichonse. Mtsikana wa chikazi akayamba kumva kuwawa pansi pa mchombo ndi kutentha thupi, asagone kunyumba, chifukwa matenda akhoza kukhala atakwera m'chiberekero. Atsikana, m'zipatala zambiri muli chipinda cha SAAJ, cha achinyamata a zaka 10 mpaka 24. Mukhoza kupita nokha. Adzakufunsani ngati munagonanapo ndi munthu komanso tsiku limene munasamba komaliza. Nenani zoona, chifukwa yankho lanu ndi limene limasankha mankhwala.

Apa mpamene pali polemera. Matenda opatsirana pogonana akapezeka mwa mwana wamng'ono, a chipatala amayenera kuganiza kuti wina wamugwira. Ndanena kuti ana ambiri odzikanda sanagwiridwe, ndipo n'zoona. Koma ena anagwiridwa, ndipo kawirikawiri wochita zimenezi si mlendo, ndi munthu amene amadya pakhomo pomwepo. Tcherani khutu ngati pali magazi, bala, zilonda, mwana akuyenda motangadza, wayamba kukodza pogona pamene anasiya, kapena akuopa munthu wina amene kale ankamuthamangira. Mwana akakuuzani, mukhulupirireni. Musamumenye, musamufunse kuti unkafunako chiyani. Ngati zangochitika, musamusambitse, tengani zovala zake mmene zilili, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Masiku amenewa ndi amene timataya pokhala pansi ndi ankhoswe, kukambirana za mbuzi yolipira. Kupolisi kuli Gabinete de Atendimento yoona za mabanja ndi ana ochitidwa nkhanza, ndipo nambala ya Linha Fala Criança ndi 116, yaulere. Mudziwenso kuti mwana wogwiridwa nthawi zambiri sakhala ndi bala looneka. Kusapezeka kwa bala sikutanthauza kuti wanama. Chimodzimodzi kupima unamwali ndi chala kapena ndi maso sikuuza munthu chilichonse, kumangomupweteka mwana.

Amayi ambiri amandiuza kuti amaopa kupita ndi mwana chifukwa akamulowetsa chitsulo chija amayezera akulu. Ayi. Mwana wamng'ono salowetsedwa chitsulo chimenecho pa kuyeza wamba. Ndikuuzeni mmene zimayendera. Ntchito yaikulu ndi mafunso. Zinayamba liti? Kukuyabwa kapena kukupweteka? Usiku kapena masana? Chikazi ndi cha mtundu wanji, chikununkha bwanji, muli magazi? Amasamba ndi chiyani, kuti, amamusambitsa ndani? Wamwa mankhwala anji posachedwa? Masana amatsala ndi ndani? Mwana wodziwa kuyankhula amafunsidwa yekha, ndipo musamuyankhire. Akatha amamuona thupi lonse, pakhosi, pakhungu, ngati mawere ayamba. Pomaliza amaona kumaliseche, mwana atagona chagada pamiyendo panu, maondo atatambasula ngati chule. Amaona ndi maso, kunja, inu muli pomwepo. Ngati pali chikazi amatengako pang'ono polowera ndi kathonje, kukaona pa makina oonera tizilombo kumene makinawo alipo. Amapemphanso mkodzo, chifukwa kutentha pokodza kukhoza kukhala matenda a m'chikhodzodzo, kapena mkodzo ukungowotcha khungu lopsa kale. Pa njoka zija kuyeza chimbudzi nthawi zambiri sikuonetsa kanthu, popeza mazira ali pakhungu. N'chifukwa chake zimene munaona ndi tochi usiku zili ndi ntchito. Ngati akuganiza kuti m'kati muli kanthu, kapena magazi sakudziwika kochokera, amakutumizani kuchipatala chachikulu kumene angamuone atamugoneka tulo kuti asamve kuwawa.

Maso a enfermeira amaonanso zina zimene ife sitingazidziwe. Pali matenda a khungu amene amayeretsa malowo mbuu, khungu n'kumang'ambika ndi kutuluka timagazi, ndipo anthu amawasokoneza ndi kugwiriridwa. Pali ana ena amene timilomo ta m'kati timamatirirana, mayi n'kudabwa kuti mwana watsekeka. Zonsezi zili ndi mankhwala opaka. Musalekanitse ndi zala.

Ngati mwana akungoyabwa pang'ono ndi kufiira, palibe chikazi, palibe magazi, palibe fungo, mukhoza kuyamba kunyumba. Siyani sopo kumeneko. Mukhazikeni m'beseni la madzi oyera ofunda pang'ono kwa mphindi 10, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, osathiramo mchere kapena masamba. Muphunzitseni kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndi kukodza miyendo ili yotambasula. Muwengeni zikhadabo, asambe m'manja ndi sopo kapena phulusa akachoka kuchimbudzi. Avale kabudula wa thonje, ndipo usiku agone wopanda. Pakatha sabata osasintha, pitani. Mukaona magazi, mafinya, fungo loipa, chilonda, kutentha thupi kapena mwana akulephera kukodza, musadikire sabatalo.

Pa tsiku lopita, musamupake chilichonse ndipo musamukweche pofuna kuti akaoneke waukhondo. Mukatero mwafufuta chimene a chipatala akufuna kuona. Makapisozi a pamsika musamupatse, amabisa matenda ndipo mayeso amatuluka opanda kanthu. Ngati munamupatsa kale kapena munapita naye kwa asing'anga, nenani, ndipo chikutu cha mankhwalawo mutenge. Kabudula amene anavala dzulo mumuike m'kapulasitiki osachapa. Khadi lake la kusikelo lisatsale. Ngati mukuchita manyazi kuyankhula pamzere, uzani APE wa m'mudzi mwanu kapena activista ngati ine, tidzakuperekezani mpaka pakhomo la chipinda choyezera.